MASITESHONI AKALE A MUMZINDA WA LONDON



Munthu amene akupita ku London kwa nthawi yoyamba, akalembera mbale wake kuti akamchingamire pa siteshoni ya sitima, osatchula dzina la siteshoniyo, ndiye kuti wampatsa mbale wakeyo ntchito yosatheka. Mzinda umenewu ulibe siteshoni imodzi yaikulu pamene sitima zonse zimathera ulendo. Uli ndi masiteshoni akuluakulu oposa khumi, omwazikana mozungulira pakati pa mzindawo. Wochokera ku Manchester amatsikira pa Euston, wochokera ku Edinburgh pa King's Cross, wochokera ku Bristol pa Paddington, wochokera ku Norwich pa Liverpool Street, ndipo wochokera ku doko la Southampton amatsikira pa Waterloo. Mukatambasula mapu a dziko la Britain, njanji zake zimaoneka ngati masipoko a gudumu la njinga: zonse zaloza ku London, koma zikuluzikulu zakalezo zimalekera panjira zisanakumane pakati.

Madzulo ano ndifuna tifunse chifukwa chake zinthu zinakhala chotero. Poyankha funso limenelo tipezanso yankho la funso lina, limene mabuku a sukulu salifunsa kawirikawiri, lakuti kodi pamalo pamene pali masiteshoni amenewa panali chiyani njanji isanafike, nanga amene anali pamenepo anapita kuti.

Choyamba tikumbukire kuti njanji za ku Britain sizinamangidwe ndi boma. Zinamangidwa ndi makampani a anthu amalonda, amene anali kusonkha ndalama, kulemba mapulani, ndi kupita nawo ku Nyumba ya Malamulo kukapempha chilolezo. Chilolezo chikaperekedwa, kampaniyo inali kukhala ndi mphamvu yogula malo alionse pamene njanji inayenera kudutsa, ngakhale mwini malowo asakufuna. Makampani amenewa anali opikisana koopsa, ndipo kampani iliyonse inafuna khomo lakelake lolowera mu London, lokhala ndi dzina lake pamwamba, kuti isamapemphe njira kwa inzake. Boma linadzatenga njanji zonse m'manja mwake mu 1948, masiteshoni atakhazikika kale pamene alipo lero.

Sitima yoyamba ya nthunzi yonyamula anthu mu London inayamba kuyenda mu Febuluwale 1836, pa njanji ya kampani ya London and Greenwich. Kumwera kwa mtsinje wa Thames kunali kale nyumba zothinana ndi timisewu tambirimbiri, kotero eni kampani anaona kuti ndi bwino kuiyendetsa njanjiyo m'mwamba. Anamanga mlatho wa njerwa wa mamailosi oposa atatu, wokhala ndi mipata 878 yopindika pamwamba ngati uta. Anaganizanso zoti mipatayo aisandutse nyumba zogonamo anthu kuti azilandirapo lendi, koma zimenezo sizinapite patali, chifukwa palibe amene anakondwa kugona pansi pa sitima, m'nyumba yachinyontho. Mu Disembala chaka chomwecho njanjiyo inafika pa London Bridge, ndipo siteshoni imeneyi ikugwira ntchito mpaka lero, ngakhale kuti yamangidwanso kangapo konse.

Koma imene inachititsa anthu kaso ndi Euston, kumpoto kwa mzinda, imene inatsegulidwa mu Julayi 1837. Inali ya kampani ya London and Birmingham, ndipo injiniya wake anali Robert Stephenson. Iyi ndiyo inali njanji yoyamba yolumikiza London ndi mzinda wina waukulu wakutali, ndipo pamene inatha yonse mu 1838 inali ya mamailosi 112. Eni ake anadziwa kuti achita chinthu chimene sichinachitikepo, nafuna kuti aliyense wodutsa pamsewu adziwe zimenezo. Motero anaitana mmisiri wolemba mapulani a nyumba, dzina lake Philip Hardwick, ndipo iye anawamangira chipata cha miyala chotalika mafiti oposa 70, chokhala ndi nsanamira zikuluzikulu zonga za akachisi akale a Agiriki. Chinadya mapaundi 35,000. Kunena zoona, chipatacho chinalibe ntchito. Sichinali kutchinga mvula, sichinali chogulitsirapo matikiti, ndipo ena mwa anthu amene anaika ndalama zawo mu kampaniyo anadandaula kuti kumeneko kunali kusakaza chuma. Munthu atapyola pansi pa ulemerero wonsewo anali kupeza mapulatifomu awiri okha, ina ya sitima zonyamuka, ina ya sitima zofika.

Chodabwitsa china n'chakuti m'zaka zoyambazo sitima inali kunyamuka pa Euston yopanda injini. Pafupi ndi siteshoniyo pali ngalande yaikulu yokumba anthu, yoyendamo mabwato a katundu, yotchedwa Regent's Canal, ndipo kuti njanji idutse pamwamba pake inayenera kukwera chitunda mpaka ku Camden. Mabogi anali kukokedwa ndi chingwe chachitali chozungulitsidwa ndi makina oima pamwamba pa chitundacho, ndipo injini inali kudikira kumeneko. Mchitidwe umenewu unatha mu 1844. Patapita zaka zisanu, mu 1849, mwana wa Hardwick uja, Philip Charles Hardwick, anawonjezera holo yaikulu yodikiriramo apaulendo, ya denga lalitali lokongoletsedwa ndi makwerero otakasuka, yonga ya m'nyumba ya mfumu. Ndikupemphani, omvera, kuti chipata ndi holo imeneyi muzisunge m'mutu, pakuti tibwererako.

Pofika 1845 dziko la Britain linali litapenga ndi njanji. Aliyense wokhala ndi kandalama, kaya wa sitolo, kaya m'busa wa mpingo, anali kugula gawo m'makampani a njanji, ndipo mapulani mazanamazana anaunjikana ku Nyumba ya Malamulo. Ena mwa mapulaniwo anafuna kuboola mpaka pakati penipeni pa London. Boma linada nkhawa, ndipo mu 1846 linakhazikitsa bungwe lofufuza za nkhaniyi. Bungwelo linalangiza kuti palembedwe malire ozungulira pakati pa mzinda, ndipo njanji zisaloledwe kuwadumpha. Kumpoto, malirewo anatsata msewu umene nthawiyo unali kutchedwa New Road, umene lero mbali ina yake ndi Euston Road. Zifukwa zimene zinaperekedwa zinali zomveka: misewu ya m'kati inali yothinana kale ndi ngolo za akavalo, ndipo kugwetsa nyumba kumeneko kukadadya ndalama zosaneneka. Koma tisaiwale kuti m'kati mwa malirewo ndimo munali mabanki, nyumba za boma, ndi malo a mabanja olemera amene anali ndi mawu m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Kunja kwa malire kunali anthu opanda owalankhulira.

Ndicho chifukwa chake lero masiteshoni a Euston, St Pancras ndi King's Cross andandalikana m'mbali mwa msewu umodzi, ngati mbuzi zoima pa mpanda wa dimba, kusuzumira m'kati koma osalowa. King's Cross inatsegulidwa mu 1852 ndi kampani ya Great Northern, pamalo pamene panali chipatala cha odwala nthomba. Wolemba pulani yake, Lewis Cubitt, sanafune zokometsera: njerwa zachikasu, madenga awiri opindika, ndi wotchi pakati, basi. Chakumadzulo, injiniya wotchuka Isambard Kingdom Brunel anamaliza Paddington mu 1854, ya denga la chitsulo ndi magalasi, m'malo mwa kasiteshoni kongoyembekezera ka 1838, kamene Mfumukazi Victoria inatsikirapo mu 1842 itakwera sitima kwa nthawi yoyamba.

Malire aja anabala vuto lakelake. Anthu zikwizikwi anali kutsika m'mphepete mwa mzinda tsiku ndi tsiku, onse akufuna kulowa m'kati, ndipo misewu inatsekeka. Yankho linali lakuti njanji imene yaletsedwa pamwamba idutse pansi. Pa 10 Januwale 1863 inatsegulidwa njanji ya Metropolitan, yoyamba ya pansi pa nthaka pa dziko lonse lapansi, yochoka ku Paddington, kudzera pafupi ndi Euston ndi King's Cross, mpaka ku Farringdon. Injini zake zinali za malasha, ndiye ganizirani nokha utsi umene apaulendo anali kupuma kunsiko. Komabe anthu anakwera mwaunyinji kuyambira tsiku loyamba lomwe.

Tsopano tifike pa St Pancras, pamene ndifuna tikhalitsepo, chifukwa siteshoni imeneyi ikuonetsa zonse ziwiri, luso ndi nkhanza za nthawi imeneyo. Kampani ya Midland, imene likulu lake linali ku Derby, inalibe khomo lake mu London. Kwa zaka zingapo inali kubwereka njanji ya Great Northern ndi kutsitsa anthu ake pa King's Cross. Mu 1862, chaka cha chionetsero chachikulu cha zamalonda, sitima zinachuluka kwambiri, ndipo za Midland zinali kuimitsidwa panjira kudikira kuti za eni njanji zidutse. Akuluakulu a Midland anatopa nako kukhala alendo pakhomo pa mnzawo, natsimikiza zomanga njanji yawo ndi siteshoni yawo, pafupi penipeni ndi King's Cross, yoti imphimbe mnansi wakeyo.

Panjira pawo panali midzi iwiri ya amphawi. Wina unali Agar Town, wa tinyumba tating'onoting'ono topanda ngalande zotaya madzi oipa, ndipo wina unali Somers Town. Mu 1866 Agar Town unafafanizidwa pafupifupi wonse, ndipo mbali ya Somers Town inagwetsedwanso. Anthu zikwi zambiri anatulutsidwa m'nyumba. Eni malo analipidwa monga mwa lamulo, koma anthu amene anali kugona m'nyumbazo, olipira lendi sabata ndi sabata, lamulo silinali kuwawerengera kanthu. Ndipo sakadatha kupita kutali, pakuti munthu wa maganyu amayenera kugona pafupi ndi pamene ganyu amapezeka. Motero anakadzipanikiza m'misewu yoyandikana nayo, mabanja awiri kapena atatu m'nyumba imene kale munali banja limodzi, ndipo lendi inakwera. Anthu ena olemekezeka a nthawiyo anali kuyamikira njanji kuti ikuyeretsa mzinda pochotsa zisakasa. Ine ndikuona kuti inangokankhira umphawiwo kuseri kwa khoma.

Sanasamutsidwe amoyo okha ayi. Njanjiyo inayenera kudutsa pa manda akale a tchalitchi cha St Pancras. Inu mukudziwa m'mene kwathu kuno timaopera manda, kuti munthu salowamo chilowelowe popanda chilolezo cha amfumu. Kumeneko anakumba manda ochuluka zedi, ndipo poyamba ntchitoyo inagwiridwa mosasamala kotero kuti mafupa anali kuoneka poyera, anthu nadandaula kwambiri. Bishopu wa London anapereka udindo woyang'anira ntchitoyo kwa mmisiri wina, Arthur Blomfield, ndipo iye anatuma womthandiza wake, mnyamata wa zaka za m'ma 25, kuti azipita kumandako madzulo kukaona kuti mitembo ikufukulidwa ndi kuikidwanso mwaulemu. Mnyamatayo anali Thomas Hardy, amene pambuyo pake anadzakhala mmodzi wa alembi otchuka a nthano ndi ndakatulo za Chingerezi. Miyala ina ya ziliza inaunjikidwa pamodzi m'mandamo, ndipo mtengo umene unakula pakati pake anthu anautcha dzina la Hardy. Mtengowo unagwa mu Disembala 2022.

Pamalo pamene panachoka anthu amenewa, injiniya William Henry Barlow anamanga chinthu chimene dziko linali lisanaonepo. Mosiyana ndi King's Cross, imene njanji yake imadutsa pansi pa ngalande ija ya Regent's Canal, Barlow anasankha kudutsa pamwamba, ndipo chifukwa cha chimenecho sitima zinafika pa siteshoni zili m'mwamba, kutalika koposa denga la nyumba wamba. Pansi pake panatsala malo aakulu, ndipo kampani inadziwa kale chimene idzasungamo: mowa wochokera ku Burton upon Trent, tauni yotchuka pofulula mowa, imene inali pa njanji ya Midland. Nsanamira zachitsulo mazanamazana zimene zinanyamula mapulatifomu zinatalikirana molingana ndi muyeso wa migolo ya mowawo. Pamwamba pake Barlow anaika denga limodzi lopindika, lotambalala pafupifupi mafiti 240 popanda mzati ndi umodzi womwe pakati, ndipo pamene siteshoniyo inatsegulidwa pa 1 Okotobala 1868 panalibe denga lina lotero lotambalala kuposa limenelo pa dziko lonse. Kutsogolo kwake George Gilbert Scott anamanga hotela ya njerwa zofiira, ya nsanja zosongoka ndi mazenera onga a tchalitchi, yotchedwa Midland Grand, imene inayamba kulandira alendo mu 1873.

Kodi anthu onse amene anasamutsidwa ndi njanji mu London anali angati? Kuyambira mu 1853 makampani anali kulamulidwa kuuza Nyumba ya Malamulo chiwerengero cha anthu osauka amene nyumba zawo zigwetsedwe. Katswiri wa mbiri yakale H. J. Dyos atawerengera mapepala amenewo anapeza anthu oposa 76,000 pakati pa 1853 ndi 1901. Tikumbukire kuti amene anali kulemba ziwerengerozo ndi makampani omwewo, amene sakadapindula kanthu pozikweza. Chimene amphawi anapatsidwa m'malo mwa nyumba zawo chinali sitima zotsika mtengo za mbandakucha. Kampani ya Great Eastern, kuti iloledwe kufikitsa njanji yake pa Liverpool Street, imene inatsegulidwa mu 1874, inalamulidwa kunyamula antchito kuchokera ku Edmonton ndi ku Walthamstow pa mtengo wa mapeni awiri, kupita ndi kubwera, ndipo mu 1883 kunakhazikitsidwa lamulo lokakamiza makampani ena kuyendetsa sitima zotero. Umu ndi m'mene antchito a mu London anayambira kugona kutali ndi kumene amagwira ntchito.

Tiwoloke tsopano mtsinje wa Thames. Makampani a kumwera nawo anali kulakalaka kulowa m'kati mwa mzinda, ndipo patapita zaka Nyumba ya Malamulo inafewetsa mtima, niwalola kumanga milatho ndi kuika masiteshoni pagombe la kumpoto. Victoria inatsegulidwa mu 1860, Charing Cross mu 1864, Cannon Street mu 1866. Njanji yopita ku Charing Cross inadula kangodya kakang'ono ka malo a chipatala cha St Thomas, ndipo chipatalacho chinaumirira kuti kampani igule malo onse. Kampani inalipira mapaundi 296,000, ndipo chipatala chinakamanga nyumba zatsopano m'mbali mwa mtsinje, moyang'anana ndi Nyumba ya Malamulo. Apa mukuona kusiyana kwake: wokhala ndi maloya analandira chuma chomangira chipatala chatsopano, wa lendi ya pasabata anangopatsidwa tsiku lotulukira. Pa Victoria mpikisano uja unaoneka ndi maso, chifukwa panali masiteshoni awiri a makampani awiri, ogundana, olekanitsidwa ndi khoma, ndipo khomalo linabooledwa mu 1924, makampaniwo ataphatikizidwa.

Waterloo, imene inatsegulidwa mu 1848, inakula mwachisawawa. Anali kuwonjezera pulatifomu apa, kasiteshoni apo, mpaka ngakhale antchito a pomwepo anali kulephera kuuza munthu pamene sitima yake inyamukire. Inamangidwanso yonse mwadongosolo, ndipo ntchitoyo inatha mu 1922. Pambali pake panali siteshoni ina imene ndikhulupirira kuti ambiri a inu simunaimvepo: siteshoni ya akufa. Manda a m'kati mwa London anali atadzaza moti mliri wa kolera wa 1848 ndi 1849 unasowetsa poika anthu, ndipo boma linayamba kuwatseka. Kampani ina, ya London Necropolis, inagula malo aakulu ku Brookwood, mtunda wa mamailosi oposa 20, ndipo kuyambira mu Novembala 1854 sitima inali kunyamula mabokosi a maliro pamodzi ndi anamfedwa kupita kumeneko. Ngakhale m'sitima ya maliroyo munali kalasi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, ya amoyo ndi ya akufa omwe, ndipo a mpingo wa Anglican anali kupatulidwa kwa a mipingo ina. Mitembo pafupifupi 8,000 imene inafukulidwa pomanga njanji ya Charing Cross inakaikidwa ku Brookwood komweko. Siteshoni ya akufayi inaphulitsidwa ndi mabomba mu Epulo 1941, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo sinatsegulidwenso, koma nyumba ya maofesi ake ikadalipo pa Westminster Bridge Road.

Pa Waterloo pomwepa mbiri ya London ikukhudzana ndi yathu. David Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, m'dziko limene lero ndi Zambia, anzake a paulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula mtembo wake miyezi yambiri mpaka kunyanja yamchere. Sitima ya pamadzi inafika nawo ku Southampton mu Epulo 1874, ndipo kuchokera kumeneko unakwezedwa sitima ya pamtunda mpaka pa Waterloo, usanakaikidwe ku Westminster Abbey pa 18 Epulo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndege zisanachuluke, anthu ochokera kuchigawo chino cha Africa amene anali kukwera sitima za pamadzi ku Cape Town anali kutsatira njira yomweyo, ndipo denga la Waterloo ndilo linali kuwalandira mu London.

Siteshoni yaikulu yomaliza ya nyengo imeneyo inali Marylebone, ya mu 1899. Kuchokera pamenepo masiteshoni anayamba kukalamba. Utsi wa malasha unawadetsa bii, mabomba a nkhondo anaswa magalasi a madenga, ndipo nkhondo itatha magalimoto ndi ndege zinayamba kulanda apaulendo. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo anali kuona nyumba za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria ngati zonyansa, zodzaza zokometsera zopanda pake. Hotela ija ya Midland Grand inali itatsekedwa kale mu 1935, chifukwa inali ndi zipinda zogona mazana koma zosambira zowerengeka, ndipo inasandutsidwa maofesi a njanji.

Tibwerere tsopano ku Euston kuja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 akuluakulu a njanji anakonza zoyendetsa sitima za magetsi kuchokera ku London kupita ku Birmingham, Manchester ndi Liverpool, ndipo anafuna mapulatifomu aatali. Chipata cha Hardwick ndi holo ya mwana wake zinaima pamalo amene anali kuwafuna. Ndiyenera kunena chilungamo pano: Euston yakaleyo inalidi yothina ndi yosokoneza, ndipo chipatacho chinali chitabisika kale kuseri kwa nyumba zina. Koma panali njira yochipulumutsira, yochiphwasula mwala ndi mwala ndi kukachiimika pafupi ndi msewu. Mtengo wake unawerengedwa kuti ndi mapaundi 190,000, ndipo a njanji, a khonsolo ndi a boma anayamba kukankhirana, aliyense kunena kuti ndalamazo atulutse mnzake. Bungwe la Victorian Society, limene linakhazikitsidwa mu 1958 kuti liteteze nyumba za nyengo imeneyo, linachonderera, pamodzi ndi mlakatuli John Betjeman. Mu Okotobala 1961 nthumwi zinakaonana ndi nduna yaikulu Harold Macmillan, koma boma linakana. Chaka chomwecho chisanathe ntchito yogwetsa inayamba, ndipo mu 1962 chipata chinali chitapita. Holo ija inatsatira. Euston yatsopano, ya konkire ndi magalasi, inatsegulidwa ndi Mfumukazi Elizabeth II mu 1968.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, komabe kugwa kwa chipata cha Euston kunadzutsa anthu amene anali m'tulo. Mu 1966, pamene kunamveka kuti a njanji akulingalira zophatikiza King's Cross ndi St Pancras ndi kugwetsa nyumba zakalezo, anthu aja amene analephera pa Euston anali atachenjera. Betjeman analemba ndi kulankhula, ndipo mayi Jane Fawcett, mlembi wa Victorian Society, anatsogolera nkhondoyo mosatopa. Mu 1967 boma linaika St Pancras m'kaundula wa nyumba zotetezedwa za gulu loyamba, zimene siziloledwa kugwetsedwa. Kutetezedwa sikunatanthauze kusamalidwa ayi. Kwa zaka zina makumi atatu siteshoniyo inakhala yakuda ndi yodontha, ndipo maofesi aja atatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, m'hotelamo munatsala nkhunda zokha.

Chimene chinaiukitsa ndi chinthu chimene Barlow sakadachilota. Mu 1994 inatsegulidwa njanji yodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku England kupita ku France. Poyamba sitima zake zinali kuthera pa Waterloo, koma pofuna malo aakulu olandirira sitima zaliwiro anasankha St Pancras. Anaikonzanso ndi ndalama pafupifupi mapaundi 800 miliyoni, ndipo kuyambira mu Novembala 2007 sitima zopita ku Paris ndi ku Brussels zimanyamukira pansi pa denga la 1868 lija. Kunsi kuja kumene kunali migolo ya mowa ndiko apaulendo amaonetsa mapasipoti awo ndi kudikira sitima, pakati pa nsanamira zomwe zija. Hotela inatsegulidwanso mu 2011. Pamwamba, pafupi ndi mapulatifomu, pali chifanizo cha Betjeman atagwira chipewa chake, akuyang'ana kudenga.

Si onse anapulumuka. Broad Street, imene inatsegulidwa mu 1865 moyandikana ndi pamene panadzamangidwa Liverpool Street, ndipo nthawi ina inali imodzi mwa masiteshoni otanganidwa kwambiri mumzindamo, inatsekedwa mu 1986, ndipo pamalo pake pali maofesi. Holborn Viaduct inatsekedwa mu 1990. Marylebone inatsala pang'ono kutsekedwa m'zaka za m'ma 1980, koma inasiyidwa, ndipo lero sitima zake zimafika ku Birmingham ndi ku Oxford.

Nanga miyala ya chipata cha Euston inapita kuti? Kwa zaka zoposa makumi atatu anthu ambiri anaganiza kuti inatayika. Mu 1994 katswiri wa mbiri ya zomangamanga, Dan Cruickshank, atafufuza anapeza kuti yambiri inatayidwa m'madzi kum'mawa kwa London, mu ngalande yotchedwa Prescott Channel, pafupi ndi mtsinje wa Lea, kumene inagwiritsidwa ntchito yotsekera dzenje limene madzi anakumba pansi pa ngalandeyo. Ina inavuulidwa mu 2009, ndipo anthu akhala akupempha kuti chipatacho chimangidwenso, koma mpaka pano sichinaimikidwe. Zimene mungaone mukadutsa pa Euston Road ndi tinyumba tiwiri tating'ono ta miyala ta mu 1870, timene tinali pakhomo lolowera ku siteshoni yakaleyo. Pa makoma ake panazokotedwa maina a matauni amene sitima za kampaniyo zinali kufikako, ndipo m'kati mwake anasandutsamo malo omwera mowa.